Kodi Njinga Yatsopanoyi Tiitchule Chiyani?

M'nkhani ino ndikuunika momwe Chichewa chimatchulira zinthu zachilendo, potengera chitsanzo cha njinga. Kwathu ku Thambani, m'boma la Mwanza, timasiyanitsa njinga ziwiri: yakapalasa ndi yamoto. Dzina loti njinga silisintha. Timangoonjezera mfotokozi wosonyeza komwe mphamvu yoyendetsera ikuchokera.

Masiku ano kuli njinga ina yopepuka yokhala ndi batire ndi kainjini kamagetsi. Wokwera amapalasabe, koma kainjiniko kamamuthandiza pachitunda. M'mayiko a European Union, kainjini kotere sikayenera kupitirira mawati 250, ndipo kamaleka kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Kunjako ena amaikwera pongosangalala m'tinjira ta m'mapiri. Kwathu, komwe tinjira ta miyala ndito msewu wa tsiku ndi tsiku, ingapepuze mlimi wopita ndi manachesi kumsika.

Vuto lili pa dzina. Mawu oti "njinga yamagetsi" akuphatikizanso njinga zazikulu zosapalasa konse, zomwe ndi zamoto ndithu. Kusiyanaku si kwa galamala chabe, pakuti woyendetsa njinga yamoto amafunika laisensi ndi chipewa, pomwe wakapalasa safunsidwa laisensi. Dzina losokoneza lingathe kupusitsa wogula.

Ine ndikuona kuti "njinga yakapalasa yamagetsi" ndi dzina lomveka, ngakhale ndi lalitali. Komabe olifupikitsa adzakhala okwera eniake, monga momwe mawu oti "kabaza" adafalira osadikira mtanthauziramawu.