Msana Ukamapweteka Miyezi Yambiri

Munthu akaponda minga kapena akagwira mphika wotentha, ululu umabwera nthawi yomweyo, ndipo umamuthandiza, chifukwa amachotsa phazi kapena dzanja asanavulale kwambiri. Bala likapola, ululu nawonso umatha. Koma pali ululu wina umene sutha. Msana, mawondo, khosi kapena mutu zimapweteka mwezi uno, mwezi wamawa, mpaka chaka kutha. Achipatala amati ululu ukapitirira miyezi 3 ndiye kuti wasanduka wokhalitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana, ndipo palibe vuto lina lolepheretsa anthu ochuluka chotere kugwira ntchito zawo. Phunziro lino lili ndi mfundo imodzi imene ambiri amavutika kuivomera: ululu wokhalitsa nthawi zambiri susonyeza kukula kwa chimene chawonongeka m'thupi, choncho kugona pamphasa ndi kumeza mapiritsi tsiku lililonse sikungauthetse.

Tiyambe ndi mmene ululu umabwerera. Pakhungu, m'minofu ndi molumikizana mafupa muli timitsempha tating'onoting'ono timene timamva kutentha, kubaya ndi kupanikizika. Timitsemphati timatumiza uthenga kudzera m'chingwe cha mitsempha chimene chili m'kati mwa mafupa a msana, mpaka kukafika ku ubongo. Ubongo ndi umene umaweruza ngati pali ngozi, ndipo ukatero munthu amamva kuwawa. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthengawu suyenda monga wachokera, koma ukhoza kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa panjira. N'chifukwa chake mukagunditsa chigongono pachitseko mumachisisita ndipo mumamvako bwino: uthenga wa kusisitako umachepetsa uthenga wa ululu. Umboni woposa pamenepa ndi wa anthu amene anadulidwa mwendo. Ambiri mwa iwo amamva kuwawa kuphazi limene kulibenso. Phazilo palibe, koma mitsempha ndi ubongo zikupitiriza kunena kuti likuwawa.

Ululu ukakhalitsa, mitsempha imeneyi imasintha n'kuyamba kumva mopitirira muyeso. Zili ngati galu wa pakhomo pamene panabwerapo akuba: kuyambira tsiku limenelo amauwa ngakhale tsamba likagwa padenga. Pamsana pamene panavulala panapola kalekale, koma kuwerama pang'ono kokha kumadzutsa ululu waukulu. Kusowa tulo, nkhawa ya ngongole, chisoni cha maliro ndi mantha akuti msana wathyoka zimawonjezera kumva kumeneku. Apa wina akhoza kukwiya n'kufunsa kuti, "Ndiye mukuti ndikunama? Mukuti ndi maganizo chabe?" Ayi ndithu. Ululuwo ndi weniweni, ndipo munthu wotere si waulesi, ngakhale achibale ena amamunena choncho poona kuti alibe bala. Chimene tikunena n'chakuti gwero lake lasamuka. Poyamba linali pa mnofu wovulala, tsopano mbali yaikulu ili m'mitsempha yonyamula uthenga, ndipo mankhwala ayenera kulondola kumeneko.

Ena amati dokotala akanangowajambula X-ray, vuto likanaoneka. Koma mwa anthu 10 alionse odwala msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda imodzi yoti n'kuiloza ndi chala. Komanso akatswiri atajambula misana ya anthu amene sakumva kuwawa kulikonse, anapeza kuti ambiri mwa iwo, makamaka achikulire, ali ndi mafupa operepeseka ndi timatumba ta pakati pa mafupa totupa. Zimenezi zimabwera ndi zaka. Choopsa n'chakuti munthu akauzidwa kuti mafupa ake atha, amayamba kuopa kuwerama, ndipo manthawo amakulitsa ululu. Izi sizikutanthauza kuti msana uliwonse ndi wongopirira. Chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana n'kuwadya mpaka munthu kupuwala, ndipo kuno kwathu nthendayi ilipo ndithu. Khansa nayonso imatha kufalikira kumafupa. Choncho ngati msana ukupweteka pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, ngati ululu sukuleka ngakhale mutagona, kapena unayamba mutagwa, kapimitseni msanga. Miyendo ikayamba kufooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka zokha, musadikire kuti kuche. Zonse zimene zikutsatira m'munsimu n'za munthu amene achipatala amuona n'kutsimikiza kuti zizindikiro zimenezi alibe.

Kale odwala msana ankauzidwa kuti agone masiku ambiri. Kafukufuku anaonetsa kuti amene amapitiriza kuyenda ndi kugwira timantchito amachira msanga kuposa ogona. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Minofu yosagwira ntchito imafooka m'masabata ochepa, ndipo minofu ya pamimba ndi m'mbali mwa msana ndi imene imachirikiza mafupa. Ndi chimodzimodzi nyamakazi ya m'mawondo: chichereŵechereŵe chimene chimakuta nsonga za mafupa chilibe mitsempha ya magazi, chimadya kuchokera ku timadzi ta m'bondo pamene bondolo likupindika ndi kuwongoka. Malangizo amene WHO inatulutsa mu 2023 okhudza msana wokhalitsa amalimbikitsa kuphunzitsa wodwala, masewero olimbitsa thupi ndi uphungu, ndipo salimbikitsa malamba omanga m'chiuno kapena mankhwala amphamvu a gulu la morphine pa vuto limeneli.

Mlimi akhoza kutsutsa kuti, "Ine ndimalima tsiku lonse, masewero enanso a chiyani?" Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake lili pa kagawidwe ka ntchito. Taganizirani mayi amene lero wadzuka bwino. Pofuna kubweza masiku amene anagona, akugwira khasu kuyambira m'bandakucha, kuunga mizere chowerama osaweramuka mpaka dzuwa pamutu, kenako akusenza chigubu cha malita 20, chimene ndi makilogalamu 20, kuchokera kumjigo. Mawa lake sangathe ngakhale kumanga chitenje, ndipo agonanso masiku atatu. Kulima mopyola ndi kugona mopyola kukamasinthana chotere, mitsempha imaphunzira kuti ntchito ndi ngozi. Njira yabwino ndi kupeza muyeso umene thupi likuulola lero. Ngati ululu umakula mukalima mphindi 30, limani mphindi 20, weramukani, gwirani m'chiuno n'kudziwongola, yendani pang'ono, kenako bwererani. Chitani chimodzimodzi pa tsiku labwino ndi pa tsiku loipa, ndipo sabata iliyonse onjezerani pang'ono. Ponyamula katundu, musendezeni pafupi ndi thupi, ndipo madzi atungeni maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Kuwawa pang'ono poyamba kuyenda sikutanthauza kuti mukudzivulaza. Muyeso wake ndi uwu: ngati pofika mawa ululu wabwerera pamene unali, simunapyole.

Nanga mapiritsi? Ali ndi malo ake, koma ndi malo ochepa kuposa amene timawapatsa. Panado amagulidwa pa okala iliyonse, komabe munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, chifukwa ochuluka amawononga chiwindi, makamaka kwa omwa mowa. Brufen, diclofenac ndi Indocid amathandiza kwa masiku ochepa pamene ululu wabuka, koma kumwa miyezi ndi miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Atatu onsewa ndi a gulu limodzi, choncho kuwaphatikiza n'kuwonjezera ngozi basi. Amene ali ndi BP, vuto la impso, zilonda za m'mimba, ndiponso amayi oyembekezera, asawamwe popanda kufunsa achipatala. Pa mutu pali chinthu chodabwitsa: kumwa mapiritsi opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi kumatha kuyambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku, ndipo munthu amawonjezera mapiritsi omwe akumudwalitsawo. Palinso ululu wochokera ku mitsempha yowonongeka, umene umamveka ngati moto, kubayabaya kapena dzanzi kumapazi. Umabwera ndi matenda a shuga, HIV, mowa, mankhwala ena a TB, kapena pamalo pamene panatuluka mashingozi. Umenewu sumva Panado kwenikweni. Achipatala amapereka mankhwala ena monga amitriptyline, amene amamwedwa usiku ndipo amatenga masabata kuti ayambe kuthandiza. Odwala khansa nkhani yawo ndi ina: iwo akuyenera kulandira mankhwala amphamvu monga morphine, ndipo asachite nawo mantha. Za kutema mphini pofuna kuthetsa ululu, dziwani kuti lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Tinene zoona, kwa anthu ena ululu wokhalitsa sutheratu. Chimene chimatheka kwa ambiri n'chakuti umachepa, tulo timabwerera, ndipo munthu amayambanso kupita kumunda, kumsika ndi kutchalitchi kapena kumzikiti. Choncho podziyesa musamangofunsa ngati pakuwawabe, muzionanso mtunda umene mukuyenda mwezi uno poyerekeza ndi mwezi watha. Mukapita kuchipatala, fotokozani pamene pakuwawa, miyezi imene papita, ngati kukumveka kuphwanya kapena kuotcha, ndipo tchulani mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, achikuda omwe. Funsaninso ngati angakutumizeni kwa a mafizo kuti akakuphunzitseni masewero oyenera msana wanu.