MKONO UKAŴAŴA MUTABAYITSA KATEMERA

Phunziro kwa amayi obwera kusikelo ya ana

Amayi, mwazoloŵera kubwera ndi ana anu kusikelo mwezi ndi mwezi kudzawayezetsa ndi kuwabayitsa katemera. Mwana akalira usiku chifukwa cha jakisoni simutaya mtima. Mumamuyamwitsa, kumutonthoza, ndipo tsiku lake likakwana mumabwera nayenso. Koma jakisoni akagwera pa mkono wanu, ambiri mumasintha maganizo. Mkono ukangoŵaŵa masiku aŵiri, basi, ulendo wachiŵiri simuonekanso.

Tsiku lina poyendera midzi ndinapempha mayi wina woyembekezera kuti andionetse khadi lake. Pamalo pa katemera wa kafumbata panalembedwa kamodzi kokha, ndipo panali patapita miyezi itatu. Nditamufunsa chifukwa chake anayankha kuti: “Jakisoni uja anandilemetsa mkono nthaŵi yopalira, ndinalephera ngakhale kutukula musi. Apongozi anati mankhwalawo sakugwirizana ndi magazi anga.” Mayiyu sananame, mkono unaŵaŵadi. Chimene sanadziŵe nchakuti katemera mmodzi yekhayo sakanateteza mwana amene anali m'mimba mwake. Tinakambirana pakhonde pamodzi ndi apongozi akewo, ndipo sabata yomweyo anapita kukabayitsa wachiŵiri.

Phunziro lino likufotokoza chifukwa chake mkono umaŵaŵa, zimene mungachite kunyumba, ndi zizindikiro zimene zimafuna chipatala msanga.

KAFUMBATA NDI MATENDA OTANI?

Katemera amene amayi a msinkhu wobereka amalandira kaŵirikaŵiri ndi wa kafumbata. Pa khadi amalembedwa Td, ndipo pa makadi akale ankalembedwa TT. Katemera wa Td amatetezanso ku matenda ena oopsa a kukhosi otchedwa diphtheria.

Tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe za ziŵeto, ndipo timatha kukhalamo zaka zambiri osafa. Munthu satenga matendaŵa kwa mnzake. Tizilomboti timaloŵa m'thupi kudzera pa bala: pamene mwadzitema ndi khasu, mwaponda msomali kapena munga, mwapsa ndi moto, kapena pobereka m'malo osasamalika. Kwa mwana wakhanda khomo lake ndi mchombo, makamaka ukadulidwa ndi lezala lakale kapena bango, kapena ukapakidwa phulusa, dothi ndi zina zotere.

Tizilomboti tikaloŵa timatulutsa poizoni amene amagwira mitsempha. Mwana amabadwa bwinobwino ndi kuyamwa masiku aŵiri oyamba. Kenaka, kaŵirikaŵiri pakati pa tsiku lachitatu ndi la 14, amaleka kuyamwa chifukwa nsagwada zauma. Amafumbata manja, thupi limakungika, msana umapindikira kumbuyo, ndipo akamva phokoso kapena kukhudzidwa amanjenjemera. Ana ambiri ogwidwa motere amamwalira.

Bungwe la World Health Organization linaŵerengera kuti m'chaka cha 1988 ana akhanda pafupifupi 787,000 anafa ndi kafumbata pa dziko lonse. Pofika mu 2018 chiŵerengerocho chinatsika kufika pa 25,000, makamaka chifukwa cha katemera wa amayi ndi kuchilira m'malo aukhondo. Kuno ku Malaŵi, mu 2002 kunatsimikizika kuti kafumbata wa ana akhanda wachepa kwambiri. Komabe tizilombo take tikadali m'dothi la m'minda ndi m'makola mwathu, ndipo palibe angatichotsemo. Amayi akaleka kubayitsa, matendaŵa adzabweranso.

Mwana wongobadwa kumene sanalandire katemera wakewake wa kafumbata, pakuti amayamba kulandira akakwanitsa milungu isanu ndi umodzi. M'masiku oopsa oyambirirawo amadalira chitetezo chimene mayi wake anamupatsira adakali m'mimba. Motero jakisoni wa pa mkono wanu ndiye katemera woyamba wa mwana wanu.

NCHIFUKWA NINJI MKONO UMAŴAŴA?

Katemera wa kafumbata alibe tizilombo tamoyo, ndipo sangakudwalitseni kafumbata. Amapangidwa kuchokera ku poizoni uja atamuchotsa mphamvu yake yonse yovulaza. Namwino amabaya kamlingo kochepa, theka la mililita, mu mnofu wa kumtunda kwa mkono, m'munsi mwa phewa.

Thupi likazindikira kuti mwaloŵa chinthu chachilendo, limatumiza magazi ambiri ndi asilikali ake pamalopo. Asilikaliwo amachiphunzira chinthucho ndi kupanga chitetezo, kuti tsiku limene poizoni weniweni adzabwere adzapeze thupi lili tcheru. Kusonkhana kwa magazi ndi madzi pamalo amodzi ndiko kumachititsa kuti patupe, pafunde ndi kuŵaŵa. Mu katemerayu mulinso kamchere kochepa ka aluminiyamu kamene kamathandiza thupi kupanga chitetezo champhamvu, ndipo nakonso kamaonjezera kuŵaŵako. Nayo singano imasiya kabala kakang'ono mu mnofu.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kuŵaŵa kwa mkono ndiwo matope ake, ndipo sakhalitsa kuuma. Sikutanthauza kuti mankhwala akana magazi anu, kapena kuti namwino anakubayani mwankhanza. Ndiponso ngati mnzanu mkono wamuŵaŵa koma inu ayi, musaganize kuti katemera wanu sanagwire ntchito. Matupi athu ndi osiyana.

ZIMENE ZIMACHITIKA KWA ANTHU AMBIRI

Izi zimayamba tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake, ndipo zimatha zokha pa tsiku limodzi mpaka atatu:

1. Kuŵaŵa, kufunda ndi kutupa pang'ono pamene anabaya.
2. Mkono kulemera, makamaka poutukula kapena kuugonera.
3. Kutopa, kuphwanya m'thupi ndi mutu.
4. Kutentha thupi pang'ono.
5. Mwanabele wamng'ono m'khwapa la mkono womwewo.

Ena amatsala ndi kachotupa kolimba ngati nyemba pansi pa khungu. Kameneka kamatha kukhala milungu ingapo, koma ngati sikakukula kapena kuŵaŵa, kasiyeni kadzasungunuka kokha.

Zomwezi zimachitikanso ndi akatemera ena a akuluakulu obayidwa pa mkono. Ambiri mukukumbukira kuti katemera wa COVID-19, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Malichi 2021, naye ankalemetsa mkono ndi kutenthetsa thupi kwa tsiku limodzi kapena aŵiri.

ZOCHITA POBAYITSA

Bwerani ndi khadi lanu nthaŵi zonse, ngakhale lakale la mimba yapita. Namwino ayenera kuona kuti munalandira kangati, pakuti munthu wobayidwa katemerayu mobwerezabwereza pafupipafupi ndiye amatupa mkono kwambiri.

Musabwere ndi njala. Uzani namwino ngati mukudwala kwambiri tsiku limenelo, ngati munatupapo nkhope kapena kubanika mutalandira katemera, ndiponso ngati magazi anu savuta kutuluka mukadzicheka. Chimfine wamba sichiletsa katemera.

Kaŵirikaŵiri amabaya mkono wamanzere. Ngati ndinu amanzere, nenani kuti akubayeni wamanja. Vulani mkono mpaka paphewa kuti namwino aone malo oyenera, pakuti singano ikaloŵa pamwamba kwambiri, pamfundo, phewa limavuta nthaŵi yaitali. Khalani pansi ndi kulefula mkono. Mnofu wokungika ndi mantha umaŵaŵa koposa wofeŵa.

Mukabayidwa musanyamuke pomwepo. Khalani pachipatala mphindi zosachepera 15. Ena amachita chizungulire kapena kukomoka chifukwa cha mantha a singano, ndipo nkwabwino kuti zimenezi zichitike muli pa benchi, osati pa njinga mwana ali kumbuyo.

ZOCHITA KUNYUMBA

Nyikani kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko, kafinyeni, ndi kukaika pamalopo kwa mphindi khumi. Bwerezani kangapo pa tsiku.

Gwiritsani ntchito mkonowo. Musaumangirire m'nsalu kapena kuugoneka tsiku lonse, chifukwa mkono wosayenda umauma. Kusesa, kuphika ndi kutsuka mbale pitirizani. Ntchito zolemetsa monga kusinja, kuŵaza nkhuni ndi kutukula ndowa yodzaza mukhoza kuzisiya kwa tsiku limodzi kapena aŵiri.

Imwani madzi ambiri, idyani monga mwa masiku onse, ndipo pumulani. Pogona gonerani mbali inayo.

Ululu ukakula imwani panado monga momwe akulangizirani kuchipatala. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi aŵiri a 500 mg, ndipo asapitirire kanayi pa tsiku. Ngati muli ndi pakati musamwe asipirini, bulufeni kapena mankhwala ena ogula pamsika popanda kufunsa namwino. Safunsa anadya phula.

Ngati mukuyamwitsa, pitirizani. Katemera saononga mkaka, ndipo mwana sangatenge kuŵaŵa kapena kutentha thupi kwanu kudzera m'bere.

ZOSAYENERA KUCHITA

Musatikite kapena kufinya pamene anabaya pofuna kutulutsa mankhwala. Musathoŵe ndi madzi otentha kwambiri. Koposa zonse musateme mphini kapena kupaka phulusa, dothi ndi zitsamba pamalopo. Bala la mphini ndilo khomo lenileni la kafumbata ndi matenda ena, ndipo lingasandutse chotupa cha masiku aŵiri kukhala chilonda cha mwezi wathunthu.

Musamvere mphekesera zakuti katemerayu amatseka mimba kapena kuchititsa kupita padera. Amayi akhala akulandira katemera wa kafumbata kwa zaka makumi angapo, ndipo ambiri a inu munabadwa kwa amayi amene anabayitsa.

ZIZINDIKIRO ZOFUNA CHIPATALA MSANGA

Zoopsa zochokera ku katemera ndi zosoŵa kwambiri, komabe mayi aliyense azidziŵe. Thamangirani kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona izi:

1. Kubanika, kutupa kwa nkhope, milomo, lilime kapena kukhosi, ndi ziŵengo zoyabwa thupi lonse. Izi zimayamba pakangopita mphindi zochepa, ndipo ndicho chifukwa china chimene timakudikiritsirani pachipatala, pamene pali mankhwala ake.
2. Kutupa kwakukulu kochokera paphewa mpaka pachigongono.
3. Chotupa chimene chikukulirakulira pakapita masiku atatu, chotentha, chogunda ngati chithupsa kapena chotuluka mafinya.
4. Mkono kuchita dzanzi, kufooka, kapena phewa kukanika kutukuka patapita sabata.
5. Kutentha thupi kwambiri, kunjenjemera, kusanza, kapena kutentha thupi kopitirira masiku aŵiri.

Chizindikiro chachisanuchi chisamaleni. M'dziko lathu kutentha thupi kaŵirikaŵiri ndi malungo, ndipo malungo sayang'ana kuti munabayitsa dzulo. Mayi woyembekezera amene agona m'nyumba nkumati “ndi jakisoni uja” pamene ali malungo, aika pangozi moyo wake ndi wa mwana. Kayezetseni magazi. Chimodzimodzinso kutaya magazi, kupweteka m'mimba, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kapena mwana kuleka kugunda m'mimba: zimenezi si za katemera, ndi zizindikiro zoopsa za pakati.

Chilichonse chachilendo chimene mwaona mutabayitsa, kanenani kwa namwino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Zimenezi timazilemba ndi kuzifufuza.

NDONDOMEKO YA KATEMERA WA KAFUMBATA

Katemerayu amabayidwa kasanu:

Woyamba: tsiku loyamba kufika kusikelo ya amayi apakati, kapena nthaŵi ina iliyonse kwa mayi wa msinkhu wobereka. Yekhayu sateteza mokwanira.
Wachiŵiri: pakapita milungu inayi. Amateteza pafupifupi zaka zitatu.
Wachitatu: pakapita miyezi isanu ndi umodzi. Amateteza zaka zisanu.
Wachinayi: pakapita chaka. Amateteza zaka khumi.
Wachisanu: pakapitanso chaka china. Amateteza zaka zonse zobereka.

Kuti mwana atetezedwe, katemera wachiŵiri alandiridwe pasanatsale milungu iŵiri kuti muchire. Nchifukwa chake timati yambani sikelo msanga. Ngati munadumpha tsiku lanu musachite manyazi. Simuyambiranso poyamba, namwino adzapitiriza pamene munalekera. Dziŵaninso kuti ngakhale munthu amene anadwalapo kafumbata nachira ayenera kubayitsa, pakuti matendaŵa sasiya chitetezo m'thupi.

MAU KWA A M'BANJA

Kabukuka kaŵerengereni abambo a kunyumba ndi apongozi anu. Mayi akabwera kobayitsa, athandizidwe kutunga madzi ndi kusinja kwa masiku aŵiri, ndipo tsiku lobwerera likayandikira akumbutsidwe. Nawo abambo amavulala ndi makasu, zikwanje ndi misomali. Bala lakuya kapena lodetsedwa ndi dothi alitsuke ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo apite nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi tizilombo ta kafumbata timaloŵera pati kwa mwana wakhanda?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene mungachite kunyumba mkono ukaŵaŵa.
3. Nchifukwa ninji mayi woyembekezera amene watentha thupi atabayitsa ayenera kukayezetsa magazi?
4. Mnzanu akanena kuti sapitanso kukabayitsa chifukwa mkono unamuŵaŵa, mudzamuuza chiyani?

Musanachoke pano lero, tsegulani khadi lanu ndi kuŵerenga kuti katemera wa kafumbata munalandira kangati. Ngati sanakwane kasanu, funsani namwino akulembereni tsiku lobwera.