ZA UMOYO: Bomba Likaphulika, Woyamba Kupulumutsa Moyo Ndi Mnansi

Phunziro la sabata ino tikulipereka kwa anthu odzipereka amene amathamangira kukathandiza pakagwa ngozi m'makomboni a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, monga a Red Cross, a m'makomiti a zaumoyo ndi a m'makomiti a za ngozi. Komabe banja lililonse liwerenge, cifukwa ngozi sisankha khomo. Tikamba za ucigawenga, ndiko kuti kupha kapena kuvulaza dala anthu wamba ndi mfuti kapena mabomba pofuna kuopseza mtundu wonse.

KODI NKHANIYI ITIKHUDZA?

Inde. Akuluakulu akumbukira zimene zinacitika kuyambira m'ma 1987, pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Zigawenga za Renamo zinali kudumpha malire ndi kulowa m'midzi ya m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Zinapha anthu, zinagwira ena ndi kupita nao, ndipo zinalanda ng'ombe ndi katundu. Masiku amenewo Vubwi inali mbali ya Chadiza, ndipo Sinda inali isanakhale boma payokha. Maboma awiriwa anakhazikitsidwa mu 2012. Mu 1988 asilikali a Zambia anathamangitsa zigawengazo mpaka kulowa m'Mozambique. Nkhondo inatha pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo Renamo inasanduka cipani ca ndale.

Lero malire athu ali pa mtendere. Anthu aoloka pa Chanida tsiku ndi tsiku kukacita malonda. Koma kumpoto kwa Mozambique, m'cigawo ca Cabo Delgado, zigawenga zina zinayamba kupha anthu mu October 2017, mpaka maiko a SADC anatumizako asilikali kuyambira 2021 mpaka 2024. Kumeneko ndi kutali ndi ife, m'mphepete mwa nyanja yaikulu, ndipo palibe cifukwa cogonera kuthengo. Cofunika ndi kukonzeka. Zimene tiphunzira pano zigwiranso nchito basi ikagubuduka pa Great East Road, kapena thanki ya petulo ikaphulika.

1. MUSATHAMANGIRE KUKAONA

Pa 7 August 1998 zigawenga zinaphulitsa mabomba pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Anthu 224 anafa ndipo oposa 4,000 anavulala. Ku Nairobi kunayamba kumveka mfuti ndi kabomba kakang'ono. Anthu ambiri anapita pa mawindo kukasuzumira, ndipo bomba lalikulu litaphulika magalasi anawaceka kumaso, ena mpaka kucita khungu.

Conco mukamva kuphulika, gonani pansi, phimbani mutu, ndipo talikirani mawindo. Kumbukirani kuti bomba laciwiri lingachereredwe anthu obwera kudzathandiza. Mukamva mfuti, thawani ngati njira ilipo. Ngati palibe, bisalani kuseri kwa cipupa ca njerwa ndi kutseka mau a foni. Mukafika pabwino, imbani foni ku polisi pa 991. Nenani malo, zimene mwaona ndi maso anu, ndi kuculuka kwa ovulala. Wodzipereka amene wavulala waonjezera nchito pa anzake.

2. YAMBANI NDI AMENE ALI CETE

Malo akakhala abwino, fuulani kuti onse okhoza kuyenda apite pamalo amodzi, monga pansi pa mtengo. Otsala ndiwo ofuna thandizo msanga. Munthu amene akulira mokweza ndiye kuti akupuma. Pitani coyamba kwa amene akutaya magazi ambiri ndi amene wangoti zii. Wokomoka koma akupuma mumgoneke cam'mbali, kukamwa kuloze pansi, kuti lilime kapena masanzi zisatseke njira ya mpweya. Dziwaninso kuti kuphulika kumagonthetsa makutu, motero munthu angalephere kukuyankhani cabe cifukwa sakumva.

3. LETSANI MAGAZI

Apa ndiye pagona phunziro lonse. Mtsempha waukulu ukaduka, munthu angafe pa mphindi 5 cabe, ambulansi isanalize n'komwe injini. Citani izi:

(a) Valani magolovesi. Ngati palibe, lowetsani manja m'mapepala a pulasitiki kuti mudziteteze ku HIV ndi matenda ena oyenda m'magazi.

(b) Pindani nsalu yoyera, ikani pa bala, ndipo tsindirani mwamphamvu ndi manja onse awiri. Musamatukule nsalu kuti muone. Magazi akabooleza, onjezani ina pamwamba.

(c) Galasi kapena citsulo cikakanirira m'thupi, musacizule. Tsindirani m'mbali mwake.

(d) Ngati magazi a pa mkono kapena pa mwendo akungotumphuka osaleka, mangani pamwamba pa bala. Pindani citenje cikhale cotambalala ngati zala zinai. Cizungulizeni kawiri masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, kumbali ya thupi, koma osati pa bondo kapena pa cigongono. Mangani mfundo, ikani kamtengo kolimba, manganinso mfundo, ndipo potokolani kamtengoko mpaka magazi ataleka. Kamangirireni kuti kasabwerere. Zimapweteka kwambiri, koma musamasule. Amasule ndi a cipatala. Lembani nthawi imene mwamanga pa nsalu kapena pamphumi pa wovulalayo. Waya, cingwe kapena mphira wa njinga musagwiritse nchito, cifukwa zimadula mnofu.

(e) Mfunditseni bulangeti. Musampatse cakudya kapena cakumwa ngakhale apemphe, popeza mwina apita ku opaleshoni.

Wopsa ndi moto muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano si mankhwala a moto ai. Ndipo aliyense amene anali pafupi ndi bomba apite ku cipatala ngakhale aoneke wabwino, cifukwa mphepo ya bomba imavulaza mapapo m'kati, zizindikiro n'kuoneka patapita maola.

4. CITSULO COSADZIWIKA MUSACIGWIRE

Dziko la Zambia linalengeza mu 2009 kuti latsiriza kucotsa mabomba okwiriridwa pansi m'malo onse odziwika. Komabe zipolopolo ndi mabomba otsala pa nkhondo angavumbuluke polima kapena mvula ikakokolola nthaka, makamaka kufupi ndi malire. Bomba la dzimbiri limaphulika ndithu. Makolo, uzani ana otola zitsulo zogulitsa kuti asatole, asagende, ndipo asaponye pamoto cinthu cimene sacidziwa. Bwererani m'mapazi anu, cenjezani anthu atalikire mamita osacepera 100, ndipo uzani apolisi ndi amfumu. Citani cimodzimodzi ndi cola cosiidwa copanda mwini pa siteshoni ya basi kapena pa msika. Musaimbe foni muli pafupi naco.

5. MPHEKESERA NAZO ZIMAPHA

Kumayambiriro kwa 2020, mbiri ya anthu opopera gasi m'nyumba inafalikira m'dziko lonse kucokera ku Chingola. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena pa cifukwa congokhala alendo pamalopo. Cigawenga sicidziwika ndi mtundu, cipembedzo kapena cinenero. Acewa a ku Mozambique ndi ku Malawi ndi abale athu. Mukakaikira munthu, uzani apolisi, musammenye. Uthenga woopsa wa pa WhatsApp musautumize kwa ena musanafunse kwa akuluakulu a boma.

6. KONZEKANI LERO

Zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete ndi Nyanje m'boma la Sinda zili kutali ndi makomo ambiri, ndipo kucokera ku Katete kupita ku Chipata ndi ulendo wa makilomita oposa 80. Ndiye cifukwa cake komiti iliyonse ikhale ndi bokosi la magolovesi, mabandeji, zitenje zocapa, timitengo, sizasi, toci ndi bolopeni. Lembani maina a eni magalimoto ndi ngolo amene angathandize usiku. Sankhani malo okumanirapo, ndipo ana awadziwe. Pa misonkhano ikuluikulu, monga mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumene kumabwera Acewa a maiko atatu mwezi wa August, yambani mwaona njira zotulukira ndi pamene pali a zaumoyo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA KOMITI

1. Cifukwa ciani anthu ambiri anavulala maso ku Nairobi?
2. Pakati pa wolira mokweza ndi wongoti cete, muyamba ndi uti?
3. Citenje comanga pamwamba pa bala cimasulidwa ndi yani?
4. Mwana akapeza citsulo cacilendo m'munda, acite ciani?

Musalekere pa kuwerenga. Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi citenje ndi kamtengo, ndipo muyeserere awiriawiri mpaka manja atazolowera. Poyeserera musapotokole mwamphamvu. Dulani tsamba lino ndi kulimata pa cipupa kuti a m'nyumba onse aliwerenge.