ZA TIMAU TOPEREKEZA M'CINGEREZI

Abale amene mulikuphunzira Cingerezi, tiri nao mau pa cinthu cimene cikhumudwitsa ambiri, ngakhale iwo odziwa mau acizungu mazanamazana. Tinena timau tating'ono tija, monga "at," "to," "for," "of," "from" ndi "after." Aphunzitsi acha timauti aperekezi, pakuti titsata mneni, ndiwo mau ochula nchito, monga mwini nyumba aperekeza mlendo wace ndi kumlozera njira. Woperekeza akalakwa, mlendo asokera.

Tsiku lina mnyamata wa kwathu anadza kwa ife ndi kalata yofunsira nchito, kuti timuonere asanaitumize. Zilembo zace zinali zokongola ndithu, koma analembamo kuti, "I am looking after work." Iye anafuna kunena kuti alikufunafuna nchito, koma mauwo ati alikusamala nchito, ngati munthu amene ali nayo kale. Kamau kamodzi kakadammanitsa cakudya ca pa banja pace. Taonani mneni mmodzi yemweyo: "look at" ndiko kupenya cinthu, "look for" ndiko kucifunafuna, "look after" ndiko kucisunga, monga mbusa asunga mbuzi.

Nanga timauti tibvutiranji? Cifukwa ndi ici: m'cinenero cathu woperekeza abisala m'kati mwa mneni. Titi kuphika, ndipo pofuna kuchula wakudyayo titi kuphikira. Titi kulemba, ndiponso kulembera. Cingerezi sicitalikitsa mneni cotero, koma ciika kamau pambali pace. Kuphikira munthu ndiko "cook for," koma kulembera munthu kalata ndiko "write to." Kwathu mathero a mauwo ndi amodzi; kwao timau tiri tiwiri. Cifukwa cace wosanduliza mau mmodzimmodzi adzagwa m'mbuna. Tsono sungani zinthu zinai izi.

Coyamba, alipo aneni amene kwathu aima okha, koma m'Cingerezi sayenda opanda woperekeza. Kudikira munthu ndiko "wait for", kumvetsera ndiko "listen to", kuseka munthu ndiko "laugh at", kupempha cinthu ndiko "ask for." Wonena "I asked money" akhala ngati wafunsa ndalamazo funso.

Caciwiri, alipo ena amene akana woperekeza pamene ife timuyembekeza. Ife titi kulowa m'nyumba, kufika kumudzi, kukambirana za mlandu. Koma m'Cingerezi ati "enter the house," "reach the village," "discuss the case," osaonjezapo kanthu. Cenjerani ndi "arrive," amenenso atanthauza kufika. Iyeyu afuna "at" pa malo ang'ono ndi "in" pa mzinda kapena dziko: "arrive at the school," "arrive in Blantyre." Salola "to" iai.

Cacitatu, kusintha woperekeza ndiko kusintha nkhani. Kufa ndi malungo ndiko "die of malaria," koma kufera bwenzi ndiko "die for a friend." Mukaponyera mwana mpira kuti awakhe, ndiko "throw to", mukagenda garu, ndiko "throw at." Momwemonso "shout to" ndiko kupfuulira munthu ali patali kuti amve, koma "shout at" ndiko kumkalipira.

Cacinai, ife titi kubwereka, ngakhale potenga ngakhale popatsa. M'Cingerezi aneni ali awiri, yense ndi woperekeza wace: wotenga acita "borrow from," wopatsa acita "lend to." Pofuna khasu la mnzanu musati "Borrow me your hoe," koma "Lend me your hoe."

Tidzacitanji tsono? Malamulo sakwanira timau tonseti, ndipo njira yace ndi cizolowezi. Khalani nako kabuku, ndipo musalembemo mneni yekha, koma pamodzi ndi woperekeza wace ndi ciganizo cimodzi ca zinthu za kwanu. Powerenga buku, penyetsani kamau kotsata mneni. Chulani ziganizozo mokweza masiku onse, awiri kapena atatu pamodzi, kufikira khutu lidzayamba kukana lokha mau olakwika. Pokayika, funsani wodziwa, osacita manyazi, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Mnyamata uja anafafaniza "after," nalemba "for," natumiza kalata yace. Inunso, musanamate kalata, bwererani pa mneni ali yense, muone ngati woperekeza wace ndiye womuyenera.