Mai Wotsala Yekha

Kwathu ku Embangweni, kumwera kwa Mzimba, amuna ambiri amapita ku Joni kukafuna nchito. Kale ankatengedwa ndi Wenela kufikira caka ca 1974. Lero amakwera basi. Ena sabweranso, ndiwo machona. Atate anga ndi mmodzi wa iwo.

Pakuti ng'ombe za lobola zinaperekedwa, ife ana ndife a kucimuna. Amai akadabwerera kwao akadatisiya. Cifukwa cace anakhalabe pamudzi pa apongozi. Tsopano amalima okha, amafolera okha nyumba, namagulitsa tomato pa Jenda kuti andilipirire sukulu.

Anzanga, phunziro ndi ili: pa chuthi tisakhale manja lende. Tigwire khasu, tisamalenso ndalama, pakuti khobidi liri lonse ndi thukuta la amai.