Anthu aulumali pa ntchito zaumoyo m'mudzi: zoyenera ndi zosayenera

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'Malawi muno, mmodzi ali ndi ulumali. Koma kusikelo, pa katemera kapena pogawa masikito sitiwaona ochuluka chomwecho. Alangizi a zaumoyo, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi mafumu, nkhaniyi ndi yanu.

Choyenera: lankhulani ndi mwini thupi.
Chosayenera: kufunsa womuperekeza kuti "akumva bwanji?" mwiniwake ali pomwepo. Apa m'pamene pamandipweteka kwambiri. Mayi wosamva akabwera kusikelo ya amayi oyembekezera, zotsatira za magazi ake zimadutsa pakamwa pa apongozi ake kapena mwana wake, chinsinsi n'kuthera pomwepo. Kodi mayi wotereyu adzabweranso? Mufunseni yekha amene akufuna kuti amumasulire. Ngati amawerenga, mulembereni papepala. Bungwe la anthu osamva la MANAD lingakulozereni odziwa chinenero chamanja.

Choyenera: uthenga umodzi uyende m'njira zingapo.
Chosayenera: kudalira chimkuzamawu ndi mapepala opachika pamtengo basi. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 zimkuzamawu zidalira kwambiri, koma wosamva sizimufikira, ndipo wosaona pepala silimuuza kanthu. Pitani pakhomo pake. Sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi iye akuona, kapena mupatseni paketi ndi botolo agwire yekha.

Choyenera: polimbikitsa zimbudzi, ganizirani amene sangathe kunyonyomala. Khomo lotakasuka, mpando wobowola pakati, mtengo wogwirira, ndi chingwe chochokera kunyumba cholondolera wosaona, zonsezi zimapezeka m'mudzi momwemo.
Chosayenera: kulemba kuti khomo lili ndi chimbudzi pamene wina pakhomopo amachita kukwawira m'matope kuti alowe.

Choyenera: anthu achialubino, omwe pa kalembera yemweyo adaposa 134,000, athandizidwe msanga ndipo adikirire pamthunzi. Akumbutseni za chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza khungu, ndipo chilonda chosapola chikaoneka atumizeni kuchipatala, chifukwa khansa ya pakhungu imayamba choncho.
Chosayenera: kuwaimika pamzere dzuwa lili paliwombo.

Choyenera: uphungu wa kulera, wa HIV ndi wa khansa ya khomo la chiberekero ufikire anthu aulumali ngati wina aliyense.
Chosayenera: kuganiza kuti munthu wolumala sadziwa za m'banja, kapena kumunyoza kuti watengeranji pakati. Choipa chinanso ndi kumubaya jakisoni wolera chifukwa achibale atero, iye asanavomere.

Choyenera: kuyendera makomo amene mwana wake sabwera kusikelo. Ana ena aulumali amabisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi kapena mphekesera za ufiti, ena akula moti mayi sangathenso kuwabereka ulendo wautali.
Chosayenera: kulemba kuti makolo awo ndi okana katemera musanafunse chifukwa.

Choyenera: mu komiti ya zaumoyo mukhale munthu waulumali wokhala ndi mawu posankha malo a sikelo, tsiku lake ndi pokumba mjigo. Mabungwe a anthu aulumali a pansi pa mgwirizano wa FEDOMA angathandize kupeza anthu otere.
Chosayenera: kumuitana tsiku lobwera alendo lokha, zonse zitakonzedwa kale.