MLANDU SUOLA: ZA AOGONI NDI MADZI AO

Phunziro lathu la mwezi uno licokera kutali, ku dziko la Nigeria, kumadzulo kwa Afrika. Nonse mudziwa mwambo wa pabwalo: ng'ombe za mwini cuma zikadya cimanga ca mkazi wamasiye, mwini ng'ombe alipa, angakhale ali mbale wace wa mfumu. Koma woononga munda akakhala kampani yaikuru ya tsidya la nyanja, ndipo boma lomwe lilandirako phindu, mlandu upita kwa yani? Funso limeneli linagwera mtundu wa anthu ochedwa Aogoni. Tiyeni tione umo anacitira.

1. Dziko lao

Aogoni akhala kufupi ndi mudzi waukuru wa Port Harcourt, m'dera limene mtsinje wa Niger ugawikana timitsinje tambiri polowa m'nyanja yamcere. Ndiwo anthu olima zilazi ndi cinangwa, ndi osodza nsomba. M'caka ca 1958 kampani ya Shell inapeza m'dziko lao mafuta a pansi pa nthaka, amene apanga nao petulo ndi parafini. Pamenepo anayala mipope m'minda ndi pakati pa midzi. Mpope ukang'ambika, mafuta akuda bii ngati phula anayenderera m'minda ndi m'timitsinje. Mbeu zinauma, nsomba zinafa. Mpweya woturuka pamodzi ndi mafutawo anautentha pamtunda usana ndi usiku. Ndalama zinanka ku boma ndi ku kampani, ndipo midzi yambiri ya eni dziko inatsala yopanda madzi abwino.

2. Mau ao

Pakati pao panali munthu wolemba mabuku, dzina lace Ken Saro-Wiwa. M'caka ca 1990 iye ndi akuru ena anayambitsa bungwe lochedwa MOSOP, nalembera boma kalata ya zofuna zao. Anapempha gawo loyenera la cuma coturuka m'nthaka yao, ufulu wakuweruza okha zinthu za kwao osapatuka ku Nigeria, ndi mphamvu yakuletsa dziko lao lisaonongekenso. Pa 4 January 1993 anthu ngati 300,000 anayenda m'miseu mwamtendere kuonetsa kuti mau a m'kalatamo ndi ao. Caka comweco Shell inaleka kupopa mafuta m'zitsime za ku Ogoni, koma mipope yonyamula mafuta ocokera kwina inatsala momwemo.

3. Mwazi

Masiku amenewo Nigeria inali m'manja mwa asilikari, ndipo kuyambira November 1993 mkuru wao anali Sani Abacha. Asilikari analowa m'midzi ya Aogoni, anthu ambiri nafa. Tsono Aogoni eni ace anagawikana, ena nati tikambirane ndi boma, ena nati iai. Pa 21 May 1994 khamu la anthu linapha akuru anai a mtunduwo ku Gokana. Saro-Wiwa panalibe pamalopo, koma boma linamgwira ndi kumneneza kuti anasonkhezera ndiye. Anamweruza m'bwalo lapadera, limene ciweruzo cace munthu sakanatha kukacidandaula ku bwalo lina. Ndipo pambuyo pace mboni ziwiri zinalumbira kuti zinalandira cokometsera mlandu kuti zimnamizire. Pa 10 November 1995 anamnyonga ku Port Harcourt pamodzi ndi anzace asanu ndi atatu. Maiko a Commonwealth anaimitsa Nigeria pa msonkhano wao kufikira caka ca 1999.

4. Mlandu sunafe ndi iwo

Akuru athu anati, mlandu suola. Abale a ophedwawo anasuma Shell ku bwalo la ku New York, ndipo m'caka ca 2009 kampaniyo inalipa madola 15,500,000, ngakhale sinabvomere kuti inalakwa.

M'caka ca 2011 akatswiri otumidwa ndi bungwe la United Nations anaulutsa zimene anapeza atayesa nthaka ndi madzi a ku Ogoni. Pamudzi wa Nisisioken Ogale anthu analikumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene, ndiwo mankhwala odzetsa nthenda ya khansa, wopitirira muyeso wololedwa nthawi 900. Akatswiriwo anati kukonza dzikolo kungatenge zaka 25 kufikira 30.

Asodzi a mudzi wa Bodo, amene madzi ao anaonongeka ndi mafuta otayika m'caka ca 2008, anatengera mlandu wao ku London. Ndipo m'caka ca 2015 Shell inabvomera kulipa mapaundi 55,000,000 kwa anthu 15,600 ndi mudzi wao. Alimi anai a m'dera la mtsinje womwewo, mmodzi wa iwo wa ku Goi m'dziko la Ogoni, anasuma ku Netherlands m'caka ca 2008. Kampani inati mipope inaboledwa ndi akuba mafuta. Ndipo nzoona kuti kuba kotero kuliko, nako kuononga madzi. Koma mu January 2021 oweruza a ku The Hague anati pa mlandu wa Goi ndi wa Oruma kampani sinatsimikize mau amenewo, cotero iyenera kulipa. Mlimi wa ku Goi uja anamwalira mlandu usanathe; anaupitiriza ndi mwana wace.

Mu June 2025 Pulezidenti Bola Tinubu analengeza kuti boma lakhululukira onyongedwa aja. Koma ambiri a kwao anayankha kuti wokhululukidwa ndiye wocimwa, ndipo iwo afuna boma linene poyera kuti anthuwo analibe mlandu.

5. Cimene tiphunzirapo

Coyamba, aumphawi anapambana cifukwa kulira kwao kunali ndi umboni: kalata yolembedwa, masiku osungidwa, madzi oyesedwa. Caciwiri, taonani pamene mdani anapeza khomo: ndi pamene abale anakwezana manja. Mwazi wa akuru anai aja nawonso ndi mwazi wa Aogoni. Cacitatu, malipo afika mocedwa, ndipo saukitsa nsomba kapena kubweza wakufa. Cifukwa cace nthawi yabwino yakunena ndiyo khasu lisanagwe pansi.

Pa 28 July 2022 maiko 161 a m'bungwe la United Nations anabvomerezana kuti kukhala pamalo a madzi, mpweya ndi nthaka zabwino ndi ufulu wa munthu ali yense. Ufulu umenewo ndi wanunso. Potero alendo akadza kudzapempha malo akukumbapo miyala kapena mafuta, mfumu isadinde cala anthu asanamve. Funsani pabwalo, akazi otunga madzi ali pomwepo: Madzi onyansa adzapita kuti? Citsime cikaonongeka adzalipa ndani? Mayankho alembedwe, ndipo mudzi usunge kalata yace.

Mafunso akukambirana

(a) Aogoni anapempha zinthu zitatu ziti m'caka ca 1990?
(b) Kugawikana kwao kunathandiza yani?
(c) Citsime ca mudzi wanu cikaonongeka lero, muli nao umboni wotani wakuti dzulo cinali cabwino?